Mapiko a nkhuku pa kabala ka kuseri kwa msika pa Nchalo

Ine mapiko a nkhuku ndinakula ndikuwaona ngati ndiwo ya ana. Kwathu nkhuku ikaphedwa, ndipo siinkaphedwa wamba, mpaka kubwere mlendo kapena ikhale Khrisimasi kapena chitopa chilowe mkhola, kagawidwe kake kanali kodziwika mpeni usananoledwe nkomwe. Nthutumba ndi ntchafu za madala, nganga ya mlendo, mayi ankatenga msana nkumati iwo amakonda mafupa (bodza lenileni), ife ana nde phiko limodzi limodzi, chitsirizira nkulandira chipalapasiro. Nde munthu wokula choncho kumuuza kuti atulutse ndalama yake ya thukuta agule mapiko okhaokha mbale yonse, opanda nsima, aaa ine ndinkati zimenezo ndi za anthu a ku Blantyre. Pano ndadyako katatu pa kabala kena kake konkuno ku Nchalo ndipo pakamwa pakundiyabwa, ndinene basi.

Dzina la bala sinditchula chifukwa pali zina ndinene zomwe mwini wake sangakondwe nazo, komanso timakumana mumsikamu tsiku ndi tsiku, ine geni yanga ndi yokonza mafoni ndipo foni yawo inadutsapo kale mmanja mwanga kawiri. Malowo sali pamsewu wa M1 penipeni, umasiya tala nkulowa kanjira ka fumbi kodutsa kuseri kwa msika, ukamva fungo la makala ndi mafuta ndiye kuti wafika. Mpanda wake ndi wa bango, pabwalo pali mtengo waukulu wa nimu, pansi pake mipando ya pulasitiki ina yosokedwa ndi waya, matebulo atatu, ena onse mumakhalira makireti. Mkati muli kauntala, TV, tebulo la pulu ndi mafani awiri, koma mkatimo mwezi wa Okutobala musayerekeze. Denga la malata lopanda siling'i, kunja kutentha kwadutsa madigiri 40 monga kumachitira kuno ku chigwa, mafani aja ntchito yake ndi kungotakasa mpweya wotentha ngati akuvundula phala. Aliyense wodziwa amakhala panja pansi pa nimu.

Mapikowo sakazinga ndi eni bala ayi. Pakona pa mpanda pali mnyamata wina ali ndi chiwaya chake ndi mbaula, amangolipira kenakake ka malo. Ndi wa kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga, anandiuza yekha kuti anawolokera kuno madzi a namondwe Freddy atatenga zonse mu 2023, ndipo akamayankhula Chichewa chake chimaterera ku Chisena, ukamupatsa ndalama amati takhuta. Anayamba ndi tchipisi ndi zipalapasiro, mapiko anabwera pambuyo.

Ulendo woyamba linali Lachitatu, cha mma 6 madzulo, dzuwa litangolowa koma nthaka ikadali kutulutsa moto wake. Ndinapita kukamwa Green imodzi yokha ndizipita, nde pa tebulo loyandikana panafika mbale, fungo lake linandikoka khosi mpaka ndinachita manyazi. Ndinamuitana mnyamata uja.

"Achimwene, zimenezo mukuchita bwanji?"

"Atatu K3,000 akulu, ndi kasaladi. Mukafuna ndi tchipisi muwonjezera."

"Atatu okha? Nkhuku yake yotani ya mapiko atatu?"

Anangoseka nkuti ndiyambe ndalawa, ndikapanda kukhutira ndisalipire. Mawu oterowo amanena aliyense wa geni koma uyu anali akudziwa chomwe akunena.

Ndinanyamuka nkukaima pafupi ndi chiwaya chifukwa ine chakudya cha pa bala ndimafuna ndione ndi maso anga mmene chikukonzedwera. Mapiko ake amakhala ataphikidwa kale pang'ono, amawawiritsa masana ndi mchere, adyo ndi jinja, osati mpaka kufewa ayi, kungoti magazi a pafupa aphe. Kenako amawayala pa sefa kuti madzi onse adonthe, khungu liume, nkuphimba ndi kansalu chifukwa cha ntchentche. Ukaoda mpamene amatenga atatu ako nkuwaponya mmafuta otentha pakati pa chiwaya, ndipo chifukwa ndi ouma sathetheka ngati mmene imachitira nyama yonyowa, amangolira chapansipansi kuti tswiii, iye nkumawatembenuza ndi chipande chobowola chija. Akafiira amawakankhira mmbali mwa chiwaya mafuta atsike. Apa ena onse akanathera pompa nkukupatsa. Iyeyu ayi, amawasamutsira pa waya wa pa mbaula, pa makala a moto wofatsa, nkumawapaka madzi ena ake a bulauni ndi kaburashi kopangidwa ndi nsonga ya nzimbe yotafunidwa mbali imodzi, kkkk ndinafunsa ngati anatafuna yekha, anati ayi amachita kutswanya ndi mwala. Madzi a bulauniwo ndi bwemba wonyika, wosefa, wothira tsabola wa kambuzi ndi kashuga pang'ono. Pa makalapo amangokhala mphindi ziwiri zitatu, bwemba uja nkumatirira pa khungu, mmbali mwina nkupserera pang'ono.

Mbale itafika ndinayamba ndi kachigawo ka pakati kaja ka mafupa awiri, komwe ine ndimati ndiye phiko lenileni. Khungu linalira kuti khrrr pa dzino, mkati nyama yofewa yotuluka nthunzi, ndipo ukapotokola kafupa kakang'ono kamasololoka kokha osalimbana nako. Kukoma kwake kumabwera motsatizana, kuyamba mchere ndi utsi wa makala, kenako kuwawasa kwa bwemba kuja kokumbutsa ubwana pomwe tinkagenda mitengo pobwera ku sukulu, kambuzi nde amabwera pamapeto mwaulemu ngati mkamwini, ukamati palibe tsabola apa mpamene milomo imayamba kuyaka. Kambuzi ndimamukondera chimenecho, ali ndi fungo lake lake, sikuwawa kokha ngati piripiri wamng'ono uja wongobaya lilime. Kachigawo kokhala ngati kantchafu kanali bwinonso ngakhale kameneko nyama yake imakhala youmirapo. Kansonga ambiri amataya, ine ndinakukuta konse mpaka mphaka wa pa balapo, yemwe anakhala pansi pa tebulo kundiyang'ana kuyambira pomwe mbale inafika, anachoka mokhumudwa.

Kasaladi kake ndi kabichi wodula mopyapyala, tomato, anyezi, mchere ndi ndimu. Palibe chodabwitsa koma kamagwira ntchito yake yotsuka mafuta mkamwa. Pa tebulo amaikaponso botolo la Nali kwa ofuna kuwonjezera moto, ine ndinayesa pa phiko limodzi ndipo ndinaona kuti ndikuononga, Nali ndi wabwino pa tchipisi kapena pa kanyenya wa mbuzi koma pa mapiko awa amakwirira bwemba yense.

Green imodzi ija inasanduka zitatu, mapiko atatu anasanduka asanu ndi anayi. Ndinafika kunyumba nsima itazizira ndipo nkhani yake siyofunika pano.

Ndiyankhulepo za nkhuku yake. Awa ndi mapiko a mabroila, nkhuku zachizungu zija zokula masabata asanu ndi limodzi. Ndikudziwa alipo anthu, madala anga mmodzi wa iwo, omwe amati broila si nkhuku, ndi thonje lonyowa, nkhuku ndi yachikuda yoti yathamanga ndi agalu pamudzi. Pa nsima ndi msuzi ine ndili mbali yawo, lokolo alibe mnzake. Koma phiko la lokolo kuliponya mchiwaya ndi kuzunza mano, ndi fupa ndi mitsempha basi, limafuna kubwata maola awiri. Pa ntchito iyi broila ndiye mwini wake chifukwa ali ndi khungu lamafuta ndi kanyama kokwanira. Vuto la broila kuno kwathu ndi limodzi, kutentha. Ambiri mwa mapaketi a mapikowa amachokera kumtunda, atsike mapiri a Chikwawa aja mokhotakhota, adutse pa Thabwa, awoloke Kamuzu Bridge, Dyeratu, mpaka kufika kuno, ndipo akangochedwa penapake kapena firiji ikazima usiku umodzi ndiye kuti zatha. Amene tinalipo mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, siteshoni ya magetsi yomwe ili mboma lathu lomwe lino, tikukumbuka mmene magetsi ankasowera kwa chaka chonse ndi miyezi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ine nyama ya mufiriji ndimayamba ndainunkhiza. Ndinamufunsa mnyamata uja za zimenezi mosapsatira. Anati iye sagula zambiri, amatenga zokwana tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zina amagula kwa amayi ena oweta mabroila konkuno omwe amagulitsa ziwalo padera. Kuwiritsa masana kujanso akuti nchifukwa chomwecho, nyama yaiwisi siingadikire kuyambira 2 koloko mpaka usiku pa kutentha kwa kuno.

Nde ndinachoka tsiku limenelo ndikumutama paliponse, aliyense wobwera kudzakonzetsa foni ndinkamuuza. Kulakwa kwanga kunali kubwererako Loweruka la kumapeto kwa mwezi.

Amene sadziwa Nchalo, tauni ino imapuma ndi nzimbe. Fakitale ya shuga yakhala pano kuyambira mma 1960, akuluakulu mpaka lero amangoti ku Sucoma ngakhale dzina linasintha kalekale kukhala Illovo, ndipo nyengo yodula nzimbe anthu amachuluka, ochokera ku Nsanje, ku Thyolo, ku Mulanje, kulikonse. Malipiro akangotuluka Nchalo yense amasanduka ukwati. Tsiku limenelo kunalinso mpira wa ku England pa TV, Arsenal ikusewera, nde mutha kuona nokha. Ndinafika cha mma 7 ndi anzanga awiri omwe ndinawanyengerera ndekha kuti tiyeni mukaone zodabwitsa. Mpando panalibe, kireti yomwe tinachita kulimbirana. Sipika anaikweza mpaka bango la mpanda kumanjenjemera, mkati anthu akukuwa za mpira, panja nyimbo, kuti uyankhule ndi mnzako umachita kumuluma khutu.

Tinaoda mbale zitatu. Tinadikira. Mowa woyamba unatha, wachiwiri unabwera wofunda ngati tiyi chifukwa firiji inali itagonja, amangolowetsa mabotolo nkutulutsa nthawi yomweyo. Mtsikana woperekera zakumwa analipo mmodzi yekha pa chigulu chonsecho, ndipo sindikumunena, mwana wa eni ake anathamanga usiku umenewo mpaka patapata anaduka, koma bala yoti ikudziwa kuti kumapeto kwa mwezi kumadzadza bwanji osawonjezera munthu ngakhale wa ganyu? Patadutsa ola ndinapita ku chiwaya kukaona. Mnyamata uja thukuta lili kamukamu, anthu amuzungulira aliyense akuti yanga yanga, wina akumugwedeza ndi K5,000 kumaso kuti adumphe mzere. Mapiko owiritsa aja anali atatha kale, tsono amatenga ena mupaketi, ena akadali ndi madzi oundana, nkumaponya mmafuta choncho. Mafutawo nawo anali atada bii ngati oili wotsitsa mu njinga yamoto. Mbaula ya makala ija inali itazima, panalibe nthawi yake.

Mbale zathu zinafika patatha ola ndi theka, ziwiri mmalo mwa zitatu. Kunja mapiko akuda, owawa mafuta opserera, ndipo nditaluma pa mfundo ndinapeza mofiira, magazi enieni pafupa. Bwemba anachita kuthira pamwamba ngati msuzi, wozizira. Mnzanga wina anangondiyang'ana nkuti "aise, zodabwitsa zija ndi zimenezi?" ndipo mpaka lero akandiona amakupiza manja ngati nkhuku. Ndinabweza mbale yanga. Chilungamo chake mnyamatayo sanakangane nane, anati pepani akulu lero zandipitirira, nkubwezeranso mmafuta, koma phiko lokazinga kawiri mmafuta otopa limangokhala ngati chikopa cha ng'oma. Nkhuku yosapsa si yoseweretsa, imatsegula mmimba koopsa, nde amene mukadye tsiku lodzadza yambani mwang'amba pa mfundo muone mtundu wake musanameze. Mdima wa pansi pa nimu paja umabisa zambiri, yatsani tochi ya pafoni osachita manyazi.

Bilu nayo inabwera ndi mabotolo awiri omwe sitinamwe. Titawerenga zitsekerero zomwe mnzanga ankasunga mthumba (chizolowezi chake, tinkamuseka koma tsiku limenelo anatipulumutsa) anachotsa. Sindikuti ankafuna kutibera, pa chipwirikiti chimenecho ngakhale ine ndikanasokoneza, koma werengani mabotolo anu.

Ndipo poti ndayamba kudandaula ndimalize. Chimbudzi. Eni bala, ngati mukuwerenga, ndalama ya Loweruka limodzi lokha ija ikhoza kugula chitseko ndi babu. Abambo amangokhotera kuseri kwa mpanda, nanga amayi azipita kuti? Nchifukwa chake amayi ambiri pamalopa sakhalitsa, amagula mapiko nkumangitsa mu pepala. Posamba mmanja pali ndowa ya kampopi ndi sopo, apo ndiyamike, ngakhale Loweruka lija madzi anatha 8 koloko isanakwane ndipo palibe anadzazanso. Malo ogulitsa chakudya chodya ndi manja, dera lomwe kolera timaidziwa bwino mvula ikayamba, madzi osamba mmanja asamathe. Udzudzu nawo ulipo wochuluka, minda ya nzimbe ndi ngalande zili pafupi, valani buluku lalitali ngakhale kukutentha, apo ayi akakolo anu akhala mapiko a udzudzu.

Ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. Masabata atatu ndinapirira. Kenako kunabwera alamu anga ochokera ku Blantyre, amapita ku Nsanje ku maliro nde pobwerera anagona kwathu, ndipo alamu amenewa ndi aja oti chilichonse cha kuno amachiyerekeza ndi cha ku tauni, madzi athu amchere, fumbi lathu, ngakhale dzuwa lathu akuti ndi lamwano. Madzulo anati alamu tiyeni mukandionetse komwe mumapha ludzu. Linali Lachiwiri. Mumtima ndinati ndikawatengera pa mapiko paja zikakhala za Loweruka zija ndiye kuti nkhani ikafika mpaka kwa apongozi, koma kwina komwe ndikanawatengera ndi kwa kanyenya wa mbuzi ndipo iwo mbuzi amati imawatupitsa. Tinakwera makabaza awiri mpaka pa bango paja.

Kunali phee. Anthu osakwana khumi, akuluakulu awiri akusewera bawo pa kona, wailesi ikulira chapansi. Mowa unabwera wozizira mpaka botolo kuchita thukuta, alamu anatenga Kuche Kuche ine Green yanga. Mnyamata uja atandiona anabwera yekha, kugwira mkono mwaulemu, nkuti akulu tsiku lija munachoka okwiya, lero ndikonza. Ndinasuzumira mchiwaya, mafuta oyera oti nkuona pansi. Makala ali ngwee.

Tili mkati modikira magetsi anazima. Palibe anadabwa, mmodzi wa a bawo aja anangoti "abwera" nkupitiriza kutakata njombwa zake mumdima momwemo. Jenereta akuti amayatsa pokhapokha kukakhala mpira, masiku ena onse ndi kanyali ka sola kopachika pa nthambi ya nimu. Koma kunena zoona mpamene malowa anakoma. Wailesi itazima tinayamba kumva achule ku ngalande, kamphepo kochokera ku Shire kanayamba kufika, kuwala kwa mbaula kukuonetsa nkhope ya mnyamata uja akupaka bwemba wake mosathamanga. Mbale zinafika pasanathe mphindi 20, ndipo anawonjezera phiko limodzi pa mbale yanga osanena kanthu.

Alamu anayamba ndi mwambo wawo wa ku tauni, kufunsa foloko ndi tishu. Foloko inapezeka imodzi yopindika, tishu panalibe, anapatsidwa kachidutswa ka nyuzipepala. Analuma koyamba ali chilankhulire za malo ena ake a ku Blantyre komwe mapiko amabwera ndi masosi a mitundu inayi, kenako mawu anayamba kuchepa, foloko inaikidwa pansi, ndinangoona munthu wagwira fupa ndi manja awiri akuyamwa. Atamaliza anafunsa kuti chowawasa ichi nchiyani. Nditati bwemba sanakhulupirire, akuti bwemba ndi wa ana asukulu ndi wothira mphala. Anamuitana mnyamata uja.

"Iwe mphwanga, ukutaya nthawi kuno. Ku Blantyre mbale iyi ukhoza kugulitsa kawiri mtengo wake."

"Bwana, ku Blantyre bwemba ndikagula. Kuno ndimatola."

Alamu anaseka mpaka kutsamwa kambuzi. Anaoda mbale ina, kenako ina yomangitsa.

Pa mtengo, K3,000 pa mapiko atatu ena ati ndi kudula, ndipo ukaganiza kuti ndalama yomweyo pamsika ikugulira mulu wa makakana kapena mlamba wouma woti banja lonse lidyere nsima, zoona ndi kudula. Koma chiyambire kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 chotchipa nchiyani? Mafuta ophikira, makala, chakudya cha nkhuku, zonse zinakwera, ndipo mnyamatayu amagwira ntchito katatu pa phiko limodzi, kuwiritsa, kukazinga, kuotcha. Amene akufuna kukhuta asabwere pa mapiko, agule tchipisi ya K2,000 ndi zipalapasiro akagone. Mapiko ndi operekezera botolo ndi macheza. Tchipisi yake ndinalawa ya alamu, ndi wamba, yofewa, yonona mafuta ngati ya pa chiwaya china chilichonse kuyambira pa Dyeratu mpaka pa Bangula, sindingaiyendere. Nthutumba amakhala nazo masiku ena, zophika kaye kenako nkuotcha ndi bwemba yemweyo, anthu amazitama koma zimatha msanga, maulendo onse atatu ndinapeza zatha. Kulipira amalandira kashi, Airtel Money ndi Mpamba, koma mapiko ndi mowa mumalipira kosiyana, ndalama ya mnyamata musaipereke pa kauntala.

Nde amene mukudutsa pa M1 kupita ku Ngabu kapena ku Nsanje ndipo dzuwa lakuthawirani pa Nchalo, kapena a konkuno omwe simunapiteko, pitani pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi, mufike 6 koloko mafuta akadali atsopano ndipo mapiko owiritsa asanathe. Funsani ngati mbaula yayaka, ngati sinayake imwani mowa wanu muzipita, chifukwa popanda makala aja ndi mapiko wamba. Tsiku la malipiro, Loweruka la mpira waukulu, kaya ndi la Arsenal kaya Maule akukumana ndi Manoma, musapiteko ndi njala ndipo musatengereko munthu amene mukufuna kumugometsa.

Mbale yomangitsa ija alamu ankati ndi ya mlongo wawo, mayi a kunyumba kwanga. Anaikulunga mu nyuzipepala ndi jumbo, alamu nkuinyamula okha pa kabaza. Titafika mayi anatsegula pa tebulo, muli mapiko awiri ndi fupa limodzi loyera bwino. Alamu akuti msewu unali ndi mabampu.